Kulondola mzere wa makolo m'mbali mwa Nyanja ya Chiuta

M'midzi yozungulira Nyanja ya Chiuta, kuyambira ku Insaca ndi ku Entre Lagos mbali ino mpaka kwa Ngokwe, kwa Chikweo ndi ku Nayuchi kutsidya kwa malire, n'kovuta kupeza banja lomwe abale ake onse ali m'dziko limodzi. Agogo adabadwira ku Mozambique, mayi adabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo, mwana wabadwira ku Mecanhelas, ndipo malume adapita ku Joni osabwerako. Masiku onse zimenezi sizivutitsa munthu. Vuto limadza tsiku lomwe kalaliki wa boma wafunsa kuti munthuyo adabadwira kuti, chaka chanji, ndipo makolo ake ndani.

Mafunso amenewa abweza anthu ambiri pakhomo la ofesi. Mnyamata wofuna kulowa ntchito amafunika chiphaso cha BI, ndipo BI siituluka popanda kalata ya kubadwa. Mayi wamasiye wolondola ndalama za mwamuna wake yemwe adagwira ntchito kumigodi amafunsidwa umboni wa ukwati. Mabanja awiri okanganirana dimba m'mphepete mwa nyanja amafunsidwa ndi bwalo kuti adayamba kulima pamenepo ndani. Ufumu ukasowa wolowa, mbumba imakhala pansi kuwerenga maina a makolo, ndipo pamene pasokonekera dzina limodzi mpamene pamabukira mkangano wotha zaka.

Choncho kufufuza mbiri ya banja si masewera a anthu ophunzira ayi. Ndi ntchito yomwe ingapulumutse munda, ufumu, ndalama ngakhalenso unzika wa mwana. Chofunika ndi kudziwa kumene maina a anthu a dera lino adalembedwa, amene adawalemba, ndi chifukwa chomwe adawalembera.

Malire adapeza anthu ali kale pamalo

Nyanja ya Chiuta ndi yosaya. Madzi ake amalowera kumpoto ku Nyanja ya Amaramba, ndipo kuchoka kumeneko amasanduka mtsinje wa Lugenda womwe umakathira mu Rovuma. Kalelo madzi amenewa sankagawa anthu. Anyanja ankawedzamo, Ayao adatsika kuchokera kumpoto m'zaka za m'ma 1800, ndipo Alomwe ankafika kuchokera kum'mawa, cha ku mapiri a Namuli. Njira za malonda zinkadutsa m'dera lino kupita kugombe la nyanja ya mchere, ku Quelimane, ku Angoche, ku Ilha de Moçambique, ku Ibo ndi ku Kilwa. Zopita zidali minyanga ya njovu ndi akapolo, zobwerako zidali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga.

Pa 11 Juni 1891 maboma a Angerezi ndi Apwitikizi adasayina pangano logawana dziko, ndipo adalemba kuti malire atsate gombe la kum'mawa la Nyanja ya Chiuta, kenako alunjike ku gombe la kum'mawa la Nyanja ya Chilwa. Eni dera sadafunsidwe. Mu 1895 asilikali a Angerezi adagonjetsa mfumu Kawinga pa phiri la Chikala, pamene mbali ino dziko lonse la kumpoto kwa mtsinje wa Lúrio lidaperekedwa m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa, yomwe idalamulira mpaka 1929. Kampaniyo inkatolera msonkho wa nyumba mwankhanza ndi kugwira anthu ntchito yokakamiza, ndipo itachoka boma la Apwitikizi lidapitiriza ndi chibalo. Kuyambira 1938 lidawonjezapo ulimi wa thonje wokakamiza, womwe udatha mu 1961.

Kaamba ka zimenezi midzi yathunthu inkawoloka malire usiku. Kalembera wa ku Nyasaland wa 1921 adapeza Alomwe pafupifupi 120,000, koma pofika 1945 adali atayandikira 380,000. Ambiri adakalowa m'maesiteti a tiyi ndi fodya ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Zomba, komwe adakapezanso thangata akuwadikira.

Mu 1970 njanji yochokera ku Nacala idalumikizidwa ndi ya ku Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi, ndipo idabweretsa antchito ochokera kutali omwe ena adakwatira konkuno. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975 anthu adasamutsidwira m'midzi ya pamodzi. Mu 1983 boma lidatenga anthu ochuluka m'mizinda ngati Maputo ndi Beira n'kuwabweretsa ku Niassa pa ndondomeko ya Operação Produção, ndipo ana a ena mwa iwo adakula osadziwa kwawo kwa bambo awo. Kenako nkhondo idakula, anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ambiri adabwerera pakati pa 1993 ndi 1995, mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Ulendo uliwonse mwa maulendo amenewa udasiya maina pamalo ena. Wofufuza ayenera kuyamba wadziwa kuti banja lake lidayenda ndi ulendo uti.

Buku loyamba ndi agogo

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu asadawononge ndalama ya ulendo wa ku Cuamba kapena ku Zomba, ayambe wakhala pansi ndi okalamba a pamudzi, makamaka amayi, popeza kwa Alomwe, Ayao ndi Anyanja mtundu umatsata kuchikazi. Agogo aakazi ndi amene amadziwa bere lililonse, wobadwa woyamba, wotsatira, womwalira ali khanda ndi wotengedwa ndi asipai. Mwini mbumba naye amadziwa amene adakwatiwa kuti ndi amene adaikidwa m'manda ati.

Funso loyamba likhale la mfunda. Alomwe ndi Amakua amautcha nihimo, ndipo pali maina ngati Amirasi, Amulima ndi Alaponi. Ayao amati lukosyo. Anyanja ali ndi Phiri, Banda, Mwale, Mbewe ndi ena. Dzina la munthu limasintha, koma mfunda susintha, ndipo mlendo wofika kudera lachilendo akatchula mfunda wa mayi ake sachedwa kulozeredwa khomo loyenera. Kwa Alomwe afunsenso za gulu, ngati makolo adali Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Amarenje kapena Akokhola, chifukwa gulu limaloza dera lomwe adachokera.

Funso lachiwiri likhale la maina onse a munthu mmodzi. Bambo mmodzi angathe kukhala ndi dzina la ubwana, dzina la kujando kapena kuchinamwali, dzina la ubatizo kapena la Chisilamu, ndi dzina lomwe adadzipatsa polembetsa ntchito. Pothawa msonkho kapena chibalo ambiri ankasintha dzina dala. Wofufuza akagwira dzina limodzi lokha adzatsegula buku loyenera n'kudutsa pa dzina la agogo ake osawazindikira.

Funso lachitatu ndi la zaka. Okalamba ambiri sadziwa chaka chobadwa, koma amadziwa zomwe zidachitika. Wina adamva kwa mayi ake kuti adabadwa asilikali a Jeremani akudutsa, ndipo n'zodziwika kuti asilikaliwo adawoloka Rovuma kulowa ku Mozambique mu Novembala 1917. Chimfine chachikulu chidapha anthu mu 1918 ndi 1919. Napolo adagumula phiri la Zomba mu Disembala 1946. Njala yaikulu ya ku Nyasaland idali mu 1949. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 komanso mu 1995. Gogo akati adali namwali pa njala ija, kapena adali ndi mwana kumbuyo sitima yoyamba ikudutsa pa Entre Lagos, chaka chake chapezeka kale, kwangotsala kuwerengera.

Zonsezi zilembedwe m'kope pomwepo, pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi tsiku. Ndi bwino kufunsa okalamba awiri kapena atatu payekhapayekha, chifukwa pagulu wamng'ono satsutsa wamkulu ngakhale akudziwa kuti walakwitsa.

Kwa mfumu ndi ku rejisitu

Khomo lachiwiri ndi la mfumu. Nthawi ya atsamunda anthu ankawerengedwa pansi pa dzina la regulo mbali ino, ndi pansi pa dzina la nyakwawa ndi mfumu yaikulu kutsidyako, popeza cholinga cha kalemberayo chidali msonkho. Motero wosadziwa dzina la mfumu ya makolo ake sangapeze kanthu m'mabuku akale a boma. Kuyambira m'chaka cha 2000 boma la Mozambique lidazindikiranso mafumu mwalamulo, ndipo kalata ya regulo kapena ya sekeretale wa m'dera imathandiza potsimikiza kuti munthu ndi wa pamudzipo.

Umboni wa pakamwa nawo uli ndi mphamvu. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti munthu ali ndi ufulu pa munda womwe adaulandira mwa mwambo, ndipo limati umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi wokwanira kutsimikiza ufuluwo ngakhale palibe pepala. Ichi n'chifukwa chake mawu a okalamba ayenera kulembedwa iwo akadali moyo, pamaso pa mboni.

Ku ofesi ya rejisitu, yomwe pa Chipwitikizi amati Conservatória do Registo Civil, munthu asayembekezere kupeza maina akale kwambiri. Mpaka 1961 anthu akuda ambiri ankawerengedwa ngati ma indígena, ndipo chomwe ankanyamula ndi kabuku kotchedwa caderneta, momwe munkalembedwa dzina, mfumu, msonkho wolipidwa ndi kumene munthu wagwirako ntchito. Banja lomwe likadali ndi kabuku kameneka m'sutikesi lili ndi chuma. Komanso nthawi ya nkhondo mabuku a m'maofesi ambiri a m'maboma adapsa kapena kutayika. Apa mpamene sedula yakale imathandiza, chifukwa imasonyeza ofesi, chaka ndi nambala yomwe munthu adalembetsedwa. Wamkulu yemwe sadalembetsedwepo angathe kulembetsa mochedwa atabwera ndi mboni. Malamulo a dziko amalolanso mwana wa bambo kapena mayi wa ku Mozambique yemwe adabadwira kunja kuti akhale nzika, bola afotokoze kufuna kwake ndi kusonyeza kuti kholo lakelo lidali la kuno.

Wofufuza akumbukire kuti maina a malo adasintha. Cuamba ankatchedwa Nova Freixo, Lichinga adali Vila Cabral, Pemba adali Porto Amélia, Maputo adali Lourenço Marques. Mapepala akale a dera lino amatchula kawirikawiri dzina la Amaramba, lomwe likulu lake lidali ku Cuamba. Kutsidyako boma la Machinga linkatchedwa Kasupe, ndipo Mangochi adali Fort Johnston.

Ku Malawi kulembetsa ana onse obadwa kudakhala lamulo logwira ntchito mu 2015, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Zisadafike zaka zimenezo ana ambiri a m'midzi sankalembedwa ndi boma. Choncho mwana wa othawa nkhondo yemwe adabadwira ku Machinga mu 1988 mwina alibe pepala lina lililonse kupatula khadi la kusikelo.

Mabuku a kumishoni ndi a kumzikiti

Kwa mabanja achikhristu, mabuku odalirika kwambiri ndi a ubatizo. Ansembe a Consolata adatsegula mishoni ya Massangulo mu 1928, ndipo pambuyo pake adafalikira kum'mwera kwa Niassa, kuphatikizapo ku Mepanhira m'boma lino la Mecanhelas. Buku la ubatizo limasonyeza dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi, tsiku ndi omuimirira pa ubatizo, ndipo m'mphepete mwa tsamba wansembe ankalembamo za ukwati wa munthuyo akadzakula. Motero tsamba limodzi lingathe kupereka mibadwo iwiri ndi kulozera ku parishi ina kumene adakakwatira.

Lamulo la Mpingo wa Katolika la nthawi imeneyo linkafuna kuti chaka ndi chaka kope ya mabukuwa izitumizidwa kwa bishopu. Choncho ngati buku la pa parishi lidapsa, ndi bwino kufunsa ku likulu la dayosizi. Dayosizi ya Lichinga idakhazikitsidwa mu 1963, ndipo isadakhazikitsidwe dera la Niassa lidali pansi pa Nampula kuyambira 1940. Obatizidwira ku Malawi afunse ku maparishi ngati Mpiri ndi ku madayosizi a Mangochi ndi Zomba. A mpingo wa CCAP ali ndi mishoni yakale ku Domasi, ndipo a Anglican ali ndi Malosa ndi Malindi ku Malawi komanso Messumba m'mphepete mwa Nyanja ya Niassa. Wopita kumalo amenewa atenge dzina la ubatizo, dzina la mudzi ndi chaka choyerekeza, kuti wosunga mabuku asatsegule mashelefu onse.

Kwa Asilamu njira ndi ina. Mashehe ndi amwalimu amadziwa amene adaphunzitsa ndi amene adamangitsa ukwati, ndipo shehe aliyense amatha kutchula amene adamuphunzitsa, mpaka mzerewo kukafika kugombe kapena ku Zanzibar. M'mabanja ena muli mapepala olembedwa m'zilembo za Chiarabu koma mawu ake ali a Chiswahili kapena a Chiyao. Mapepala otere asatayidwe poganiza kuti ndi osawerengeka, apite nawo kwa shehe awawerengere.

Palinso mabuku osindikizidwa. Wansembe wa Anglican Yohanna Abdallah adalemba Chiikala cha Wayao, lomwe lidatuluka mu 1919 ndipo limafotokoza magulu a Ayao ndi mafumu awo. Lewis Bandawe, Mlomwe wobadwira ku Mozambique, adasiya mbiri ya moyo wake m'buku la Memoirs of a Malawian. Ndi yemweyu adatsogolera bungwe la Alomwe lomwe lidayamba mu 1943 ndi kuchititsa boma la Nyasaland kusiya dzina loti Anguru. Izi zikutanthauza kuti m'mapepala a ku Zomba a zaka za m'mbuyo mwake, Alomwe amapezeka pansi pa dzina loti Anguru.

Mapepala a kuntchito

Amuna ambiri a dera lino adalembedwa koyamba m'moyo wawo ndi olemba ntchito. Kampani ya Wenela inkaloledwa kutenga anthu kum'mwera kokha kwa Mozambique, cha kumunsi kwa mtsinje wa Save. Choncho mnyamata wa ku Mecanhelas wofuna kupita ku migodi ya ku Joni ankayamba wawolokera ku Nyasaland, n'kutchula mudzi ndi mfumu ya kumeneko ngati kwawo. Ena ankapita ku Southern Rhodesia kudzera ku bungwe la Mthandizi. Wofufuza bambo wotereyu asafunefune dzina la mudzi wa kuno ayi, afunse okalamba kuti malemuwo adakalembetsera kwa mfumu iti.

Malawi idaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown pa 4 Epulo n'kupha anthu oposa 70 obwerera kwawo. Ulendowo udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ndipo udatha mu 1988. TEBA inkapatsa wantchito aliyense nambala ndi kudinda zala zake, ndipo nambala imeneyo ndiyo kiyi. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za marandi zolipira anthu omwe adadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi TB m'migodi ina ya golide. Ndalamazo zidaikidwa m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo zimakhudza ogwira ntchito pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, kuphatikizapo amasiye awo. Popanda nambala ya kumgodi ndi umboni wa ubale, banja limavutika kuyamba n'komwe. Khadi lakale la TEBA lomwe ana akuseweretsa pabwalo lingathe kukhala la mtengo wapatali kuposa mbuzi zonse za m'khola.

Mapepala a nthawi ya nkhondo

Omwe adathawira ku Malawi adalembedwa polandira chakudya, polandira katemera ndi pobwerera. Khadi la chakudya, khadi la kusikelo, satifiketi ya kusukulu ndi fomu yobwerera ya UNHCR zimasonyeza maina a banja lonse monga lidaliri nthawi imeneyo. Bungwe la Red Cross linkatumiza makalata pakati pa abale olekana, ndipo mabungwe ngati Save the Children ankajambula zithunzi za ana osochera n'kuzionetsa m'midzi ndi m'misasa mpaka wina atamuzindikira mwanayo. Ntchito yolumikiza abale otayana Red Cross imaigwirabe, ndipo wofuna thandizo angayambire ku ofesi ya Cruz Vermelha kapena ya Malawi Red Cross yomwe ali nayo pafupi.

Ana ena omwe adaleredwa ndi mabanja achilendo adatenga dzina ndi mfunda wa owalera. Lero ndi makolo a ana awo, ndipo akafuna kudziwa kwawo chowathandiza chimakhala chaching'ono: dzina la mtsinje, la phiri, nyimbo yomwe mayi ankaimba potonthoza mwana, kapena mphini za pankhope za agogo. Zimenezi nazo zilembedwe, popeza wokalamba wa dera loyenera amazizindikira msanga.

Ku Zomba, ku Maputo ndi kugombe

Nyumba yosunga mapepala akale a boma la Malawi, National Archives, ili ku Zomba ndipo idayamba mu 1947. Kumeneko kuli mabuku omwe ma DC ankalembamo mbiri ya mafumu, mizere ya olowa ufumu, maina a midzi ndi milandu ya malo. Ya Mozambique ndi Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, yomwe idayamba mu 1934 ndipo ili pansi pa Universidade Eduardo Mondlane. Ili ndi malipoti a olamulira maboma, maina a maregulo, komanso makalata omwe mafumu a kumpoto ankalembera Apwitikizi m'zilembo za Chiarabu m'zaka za m'ma 1800. Munthu wamba sapezekapezeka m'mapepala amenewa, koma mfumu yake ndi mudzi wake zimapezeka, pamodzi ndi chaka chomwe mudziwo udasamuka. Sikuti aliyense angakwanitse ulendo wotere, koma mwana wa pamudzi yemwe ali pasukulu ku Zomba kapena ku Maputo angatumidwe.

Mizere ina imakathera kugombe. Ilha de Moçambique lidali likulu la dziko mpaka 1898, ndipo mu 1883 kazembe wa Angerezi wa kumeneko, Henry O'Neill, adayenda wapansi mpaka kufika ku nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Amaramba, n'kulemba za anthu ndi mafumu omwe adawapeza m'njira. Companhia do Niassa idali ndi likulu ku Ibo, kenako ku Porto Amélia. Kudzera m'madoko a kumpoto anthu ankatumizidwa kukalima koko ku São Tomé, ndipo ambiri sadabwerere. Kale kwambiri madoko omwewo ankatumiza akapolo ku Madagascar, ku Comoros, ku Réunion ndi ku Brazil. Ku Durban kuli anthu otchedwa Amazanzibari, zidzukulu za Amakua omwe adalanditsidwa m'zombo za akapolo n'kufikitsidwa kumeneko kuyambira 1873, ndipo ena mwa iwo akadasungabe chilankhulo cha makolo awo. Agogo akamanena za mlongo wawo wa agogo awo yemwe adapita kunyanja ya mchere osabwerako, nkhaniyo si nthano.

Dzina limodzi, zilembo ziwiri

Chopunthwitsa china ndi kalembedwe. Kalaliki wa Chipwitikizi ndi wa Chingerezi ankamva dzina limodzi koma n'kulilemba mosiyana. Pamene Mngerezi adalemba k, Mpwitikizi adalemba c kapena qu. Pamene wina adalemba w, mnzake adalemba u. Pamene wina adalemba ny, mnzake adalemba nh. Motero Mataka ndi Mataca, Mwembe ndi Muembe, Kawinga ndi Cauinga, Saidi ndi Saíde. Wofufuza alembe dzina lililonse m'njira zonse ziwiri asadapite ku ofesi.

Komanso akalaliki ankatenga dzina loyamba la bambo n'kulisandutsa dzina la banja, pamene pamudzi munthu amadziwika ndi mbumba ya mayi ake. Ana a mayi mmodzi obadwa kwa abambo osiyana amaoneka m'buku ngati anthu osadziwana, ndipo mwana yemwe adakalembetsedwa ndi malume ake nthawi zina adapatsidwa dzina la malumewo. Pepala nalo limatha kunama. Zaka zinkachepetsedwa kuti mwana alowe sukulu kapena azembe msonkho, ndipo zinkawonjezedwa kuti mnyamata alembedwe ntchito. Pepala likatsutsana ndi mawu a agogo, munthu asathamangire kutaya chimodzi, afufuze chifukwa chake zasiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wofufuza akonzekerenso kumva zowawa. Angapeze kuti kholo lina lidabwera pamudzi ngati kapolo, kapena lidali msipai wogwira anzake, kapena kuti abale awiri adamenya nkhondo mbali zosiyana. Nkhani zotere zimafuna ulemu. Kuzitulutsa pabwalo pofuna kunyoza banja lina kapena kulanda munda ndi kuyatsa moto womwe akuluakulu adauzimitsa kalekale.

Kusunga zomwe zapezeka

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adalowera cha ku Quelimane n'kugwetsa nyumba zambiri ku Zambézia, ku Niassa ndi kum'mwera kwa Malawi, ndipo mabanja ochuluka adataya mapepala omwe adapulumuka pa nkhondo. Chiswe ndi makoswe nazo zimadya mapepala chaka chilichonse mwakachetechete. Choncho sedula, khadi la ubatizo, la TEBA ndi la kusikelo zikulungidwe m'pulasitiki ndi kuikidwa m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera. Yemwe ali ndi foni yojambula azijambule n'kutumiza zithunzizo kwa abale awiri kapena atatu.

Kope ya maina a makolo ikopedwe kawiri, ina ikhale mbali ino, ina ikasungidwe kwa abale a kutsidya kwa nyanja. Pa sadaka, pa maliro ndi pa chinkhoswe, pamene mbumba yonse yasonkhana, kopeyo iwerengedwe mokweza kuti odziwa akonze zolakwika ndi kuwonjezera ana obadwa kumene. Aphunzitsi nawo angathandize potuma ana a sukulu kukafunsa agogo awo mfunda, mudzi wochokera ndi maina a mibadwo inayi.

Anthu omwe adaona thonje lokakamiza ndi maso awo, omwe adakwera ndege ya Wenela ndiponso omwe adawoloka Chiuta pa bwato usiku akuthawa nkhondo, akucheperachepera chaka ndi chaka. Mabuku a ku Zomba ndi ku Maputo adzapezeka ngakhale zaka khumi zikubwerazi, koma gogo wa pakhomo sadikira. Kope ndi cholembera zimagulidwa pa msika uliwonse, ndipo nthawi yabwino yoyambira ndi ino ya madzulo ano, chakudya chikatha.